Zipere za m'mutu mwa ana: tisiye kunamizira amayi

Teremu ikatsala pang'ono kutsegulira, pitani pa Mitundu kapena pa Nathenje mukaone mzere wa ana pakhomo la ometa. Sukulu zambiri zimafuna mwana abwere atameta, ndipo zimenezo sindikutsutsa. Chondipweteka n'choti makina amodzi omwewo amadutsa m'mitu yonseyo. Wometa amangowauzira ndi pakamwa, kuwapukuta ndi kaburashi, basi, wina khala apa. Kumidzi kopanda magetsi ndiye ndi lezala limodzi, mkulu wawo akumeta ana a pakhomo ndi a nyumba zoyandikana nazo. Pakatha milungu iwiri kapena kuposerapo, m'mitu mumatuluka timabwalo totuwa ngati pathiridwa phulusa, tsitsi litadukaduka. Zikatero anthu a m'tauni timayamba zathu zija: ana a kumudzi sasamba, mayi wake ndi wauve.

Ine ndikuti ayi. Zipere zimabwera ndi tizilombo ta mtundu wa fangasi timene timadya tsitsi ndi khungu la pamwamba. Mitundu imene imavuta kwambiri kuno ku Africa, monga Trichophyton violaceum ndi Microsporum audouinii, imachoka kwa munthu kupita kwa munthu mnzake. Imakakamira pa chipeso, pa chipewa, pa pilo, pa mphasa imene ana anayi agonapo mitu itagundana, ndipo imatha kukhala pamenepo miyezi ili yamoyo. Ina imachokera kwa mphaka, galu kapena kang'ombe. Mwana atha kumasamba ndi sopo m'mawa ndi madzulo, koma akametedwa ndi lezala limene ladutsa pa chipere cha mnzake, watenga basi.

Vutoli si laling'ono. Akatswiri atasonkhanitsa kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana a mu Africa anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana asanu alionse ali ndi zipere za m'mutu. Zimakonda ana amene sanathe msinkhu, makamaka anyamata, ndiye taganizirani kalasi la Sitandade 2 lodzadza mpaka pakhomo, ana atakhala pansi mothithikana. Munthu akatha msinkhu, mafuta achilengedwe a m'mutu amasintha n'kumalepheretsa fangasiyo kukula. Apa ndi pamene agogo amatengera mawu aja akuti musiyeni zidzatha zokha. Penapake akunena zoona, koma pofika nthawi imeneyo mwanayo wapatsira angati? Ndipo kwa ana ena chiperecho chimatupa, n'kukhala chotupa chofewa chotuluka mafinya, mwanabele m'khosi, kupweteka koti sangagonere mbali imeneyo. Chikapola mochedwa chimasiya chipsera pamene tsitsi silidzameranso. Mtsikana wa zaka 9 kukhala ndi dazi la moyo wonse chifukwa tinati zidzatha zokha, zimenezi ndiye ndikukana.

Za mankhwala ndi pomwe timasochera kwambiri. Ndaonapo mwana atapakidwa mankhwala otsukira mano m'mutu monse, wina utomoni wa papaya, wina makala a m'batire mpaka khungu kupsa. Ena amagula pamsika kirimu wokhala ndi betamethasone, yemwe uja amayi ena amadzola kuti ayere. Kuyabwa kumaleka masiku ochepa, makolo n'kumati wagwira ntchito, pomwe chipere chikufalikira mwakachetechete. Ngakhale mafuta enieni a zipere ngati Whitfield kapena clotrimazole, amathandiza chipere cha pamkono kapena pamsana, koma cha m'mutu sachitha, chifukwa fangasiyo amakhala atalowa m'kati mwa tsitsi mpaka kumizu kumene zopaka sizifika. Cha m'mutu chimafuna mankhwala akumwa. Odziwika kwambiri ndi griseofulvin, amene mwana amamwa tsiku lililonse kwa milungu 6 mpaka 8, mlingo wake adokotala atauyeza malinga ndi kulemera kwa mwanayo. Amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya cha mafuta, ndiye phala lothira nsinjiro kapena kapu ya mkaka ndi zokwanira.

Milungu 8 si masewera kwa mayi amene chipatala chili mtunda wa kabaza, ndipo akafika nthawi zina amauzidwa kuti akagule ku famase. Ambiri amasiyira panjira tsitsi likangoyamba kumera, chipere n'kubwereranso. Ameneyu timutcha wauve?

Nditakhala ndi mawu kwa akuluakulu a zaumoyo m'boma la Lilongwe, ndikanapempha chinthu chosafuna ndalama zambiri. Alangizi a zaumoyo amafika kale m'masukulu kudzapereka mankhwala a likodzo ndi njoka za m'mimba. Ana ali pamzere choncho, kuyang'ana m'mutu mwa aliyense kungatenge nthawi yanji? Wopezeka nacho alembedwe, ndipo abale ake a nyumba imodzi ayang'anidwenso, poti ena amasunga fangasiyo osaonetsa chizindikiro chilichonse, akuluakulu omwe. Ometa nawo aphunzitsidwe kutsuka makina ndi kuwaviika mu spiriti kapena m'madzi a Jik pakati pa mutu ndi mutu, m'malo mongowapemerera.

Aphunzitsi, inunso ndikupempheni. Mwana amene wayamba kumwa mankhwala musamubweze kunyumba, ndipo musamuimike kutsogolo kwa anzake ngati chitsanzo cha kusasamba. Muuzeni asabwerekane chipeso ndi chipewa, makolo achape zogonera n'kuziyanika padzuwa, iyeyo azilowa m'kalasi monga mwa masiku onse.