Pemphero la ana athu amene chala chawo chili pa batani

Atate wathu wakumwamba, Mwini nzeru, Inu amene munapatsa munthu mutu woganizira ndi lilime loyankhira, lero tadza pamaso panu ndi ana athu a m'masukulu a ukachenjede, makamaka iwo amene amaimirira pa kanema kuyankha mafunso m'dzina la sukulu yawo ndi dziko lawo.

Tiyamba ndi kuthokoza, Ambuye, pakuti sitinaiwale zimene munatichitira. Mu 2007 unayamba mpikisano uja wa Celtel Africa Challenge, opikisana ali a ku Kenya, Uganda ndi Tanzania okha, ife tikungomva. Chaka chotsatira munatitsegulira khomo ife ndi abale athu a ku Zambia. Dzina litasintha kukhala Zain Africa Challenge, analowanso a ku Nigeria, Ghana ndi Sierra Leone, mayiko n'kukwana 8. Ana obadwira m'midzi yathu yomweyi anakwera ndege kupita ku Kampala, nakaima moyang'anizana ndi a ku Makerere, a ku Egerton ndi a ku Ibadan, osagwada, osazolika. Zikomo Atate.

Ine kapolo wanu ndimakumbukira chipinda changa chochezera masiku amenewo. Magetsi akazima tinkalumikiza kanema ku batire ya galimoto, ana a m'makomo oyandikana atadzaza mkeka mpaka pakhomo. Bambo John Sibi-Okumu akayamba kuwerenga funso, m'nyumba munkati zii, ngakhale wokazinga chimanga ankaleka kutakasa. Tsiku lina kamtsikana ka Fomu 2 kanayankha funso la mtsinje ophunzira a pa kanema aja asanadinde batani, ndipo kanadzigwira pakamwa, kudabwa kuti mawuwo atuluka mwa iko. Mayi anga, amene Chingerezi sankachimva n'komwe, ankangodikira kumva dzina la Malawi kuti aimbe nthungululu. Munationetsa, Ambuye, kuti mwana wowerenga akhoza kuomberedwa m'manja ngati wogoletsa chigoli. Chisomo chimenecho tikuchifunanso.

Tsono tikupempherera mwana aliyense amene akukonzekera mpikisano wotere lero, kulikonse kumene ukuchitikira. Inu mukudziwa usiku umene amagona mochedwa akuloweza malikulu a mayiko, zaka za nkhondo, mayina a mafupa ndi a nyenyezi, uku mayeso a m'kalasi akumudikira. Mudalitse tulo take tochepato. Mum'patse chakudya, pakuti ambiri mwa ana athu amalowa m'laibulale m'mimba muli pululu.

Ndipo ikafika mphindi ija, Atate, nyali zowala zikumuthobwa m'maso, makamera atamuloza, thukuta lili m'manja, chala chili pa batani, mukhale naye pafupi. Ife oonera kunyumba sitidziwa kulemera kwa masekondi amenewo. Yankho limene analidziwa bwino m'mawa likhoza kuthawa ngati mbalame yotuluka m'khwekhwe. Mulibwezere m'mutu mwake pa nthawi yake. Mum'letse phuma lodinda funso lisanathe, poti kuthamanga sikufika. Koma mum'chotserenso mantha odikira mpaka mnzake wa tsidya lina n'kumutsogolera pa chinthu chimene iye amachidziwa. Pakati pa phuma ndi mantha pali kanjira kopapatiza, ndipo tikupempha kuti mumuyendetse m'menemo.

Mukumbukire kuti mwanayu amalota m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena m'Chilomwe, koma funso limabwera m'Chingerezi, mothamanga, ndi katchulidwe ka dziko lina. Mutsegule makutu ake. Lilime lake lisachite chibwibwi, ndipo asachite manyazi ndi kalankhulidwe ka kwawo. Inu munaima ndi Danieli ndi anzake atatu pamene mfumu inkawafunsa mafunso ku Babulo, kutali ndi kwawo, m'chinenero chimene anachita kuphunzira. Ndinu yemweyo lero.

Tipempherera umodzi wa timu. Mutu umodzi susenza denga: wina ndi katswiri wa sayansi, wina wa mbiri, wina amadziwa zamasewera ndi zoimbaimba. Asanyozane, asalandane mawu. Wina akaphonya, mnzake amugwire paphewa m'malo momuyang'ana ndi diso lofiira. Tikumbukiranso uja wapabenchi, amene anawerenga mofanana ndi anzake, nakwera nawo ndege, koma kamera siimuona. Inu mumamuona, Ambuye. Mutonthoze mtima wake.

Opambana ndi amodzi, Atate, ndipo mtima wanga uli kwambiri pa ogonja. Pa mpikisano uja sukulu yopambana inkalandira madola 50,000, ndipo a University of Ibadan ananyamula chikho mu 2009, a Egerton University mu 2010. Koma matimu ena onse anabwerera kwawo chimanjamanja pa nkhani ya chikho. Mwana amene waphonya funso dziko lonse likuona amalisenza funsolo zaka zambiri. Amadzuka nalo usiku. Masiku ano kulinso Facebook ndi WhatsApp, kumene kulakwitsa kwa sekondi imodzi kumazungulira mafoni mpaka kumudzi kwa agogo ake. Mutchinjirize ana athu ku malilime onyoza. Mutikhululukire ifenso, pakuti tinakhalapo pampando n'kumati “funso lophweka ngati limeneli,” pamene sitinaimepo pansi pa nyali zimenezo. Opambanawo muwapatse kudzichepetsa, akagwire chanza anzawo ndi mtima woona.

Dalitsani aphunzitsi amene amatsala madzulo kuphunzitsa matimuwa, nthawi zambiri popanda kanthu kowonjezera m'thumba. Dalitsani olemba mafunso ndi oweruza, kuti pasakhale kukondera dziko kapena sukulu, ndi kuti mafunsowo azilemekezanso za kuno kwathu: mwana wa mu Africa afunsidwe za John Chilembwe ndi za ufumu wa Maravi monga afunsidwira za mafumu a ku Ulaya.

Ambuye, mpikisano uja unalekeza mu 2010, chaka chimene kampani ya mafoni ya Zain inagulitsa ntchito zake zambiri za mu Africa kwa Bharti Airtel. Amene ankapikisana nthawi imeneyo tsopano ndi akuluakulu, ena ali ndi ana awo kusukulu. Kulikonse kumene ali, muwasunge, ndipo muwakumbutse kutsegulira ena khomo limene linawatsegukira. Mudzutse anthu a mtima wopatsa, eni makampani ndi eni nyumba zoulutsira mawu, kuti aikenso chuma chawo pa nzeru za achinyamata. Tikulakalaka kuona ana a ku UNIMA ku Zomba, a ku Mzuni, a ku MUBAS, a ku KUHeS, a ku LUANAR ku Bunda ndi a ku MUST ku Thyolo ataimanso pamodzi ndi anzawo a ku Lusaka, Nairobi ndi Accra. Muwapatse mabuku okwanira. Tinalira pamene laibulale ya Mzuni inapsa mu Disembala 2015, ndipo tipempha kuti moto wotere usadzaonekenso pa sukulu ina iliyonse.

Pomaliza, Atate, ndikuika m'manja mwanu kamtsikana kena ka Fomu 2 kamene kakhale pa mkeka madzulo ano, kutsogolo kwa kanema wa eni ake. Kamve funso, kadziwe yankho, ndipo pakhale munthu wamkulu pafupi woti akauze kuti nakonso kakhoza kukafika kumeneko. Mukapezere fizi, mukateteze panjira, mpaka tsiku limene chala chake chidzakhale pa batani.

Tapempha izi m'dzina la Yesu Khristu, Ambuye wathu. Amen.