Chisangalalo cha usiku ku Paje, nanga okhala kuseri kwa mpanda?

Anthuni nkhani iyi yakhala ikundidya mumtima chibwerereni ku Zanzibar, lero ndiye ndiyankhule basi. Ambiri mumadziwa kuti ndimapita ku Dar es Salaam kukaoda katundu ku Kariakoo, ulendo wa basi uja wodzera pa Songwe kenako Mbeya, kufika msana utachita kuuma. Ulendo uno nditamaliza zogula ndinati ayi, zaka zonsezi maboti a ku Zanzibar ndimangowaonera patali, ndiwolokeko nane ndikaone. Boti lothamanga lija pafupifupi maola awiri mwafika ku Stone Town.

Ndalama ya hotelo ndinalibe ndiye ndinagona mu ma hostel a ma backpacker, achinyamata oyenda ndi chikwama chachikulu kumsana aja. Kwa amene simunagonemo, ndi chipinda chimodzi mabedi osanjikiza mwina 8 kapena 10 ngati kusekondale yogonera konko, umalipira bedi yako yokha, katundu umakiyira mu loka, bafa ndi khitchini nonse chimodzi. Ku Stone Town kunali bata ndithu. Madzulo timapita ku Forodhani kukadya urojo, supu wa kumeneko, ndi kumwa madzi a nzimbe uku anyamata akudumphira m'nyanja kuchokera pakhoma, masana ndinalowa mu tchalitchi cha Anglican chimene anachimanga pamalo pomwe panali msika wa akapolo, msika umene unatsekedwa mu 1873. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali chifukwa ena mwa anthu amene ankagulitsidwa kugombe kumeneko ndi abale athu otengedwa kunyanja kwathu kuno, owolotsedwa pa Nkhotakota nthawi ya a Jumbe.

Zamaphwando zenizeni zili kunja kwa tauni, ku Nungwi ndi Kendwa kumpoto komwe amavina mwezi ukakhala wathunthu, komanso ku Paje kum'mawa. Ine ndinakwera dala dala, minibasi ya kumeneko, kupita ku Paje kudutsa nkhalango ya Jozani komwe kuli anyani ofiira aja.

Ndisaname, usiku woyamba ndinasangalala kwambiri. Mchenga woyera mbee, kamphepo ka kunyanja, DJ akusakaniza amapiano ndi bongo flava, Konyagi ndi Kilimanjaro zikuyenda, ndinavina ndi anthu a ku Argentina, Germany, Kenya mpaka miyendo kuwawa. Ndipo pali chinthu chimene ndimawayamikira ma backpacker: ndalama yawo imafika kwa munthu wamba. Mlendo wa kuhotelo yaikulu amalipiriratu zonse ali kwawo, amadya momwemo kumwa momwemo osatuluka, pomwe awa amakwera boda boda (kabaza wa njinga zamoto), amagula chapati pamsewu, amachapitsa zovala kwa amayi a m'mudzi, amachita hayala njinga. Ndiye musaganize kuti ndikudana ndi chisangalalo kapena ndikufuna malowa atsekedwe, ayi.

Chimene chinandipweteka ndinachiona usiku wachitatu. Tulo tinakana chifukwa masipika amachita kugwedeza bedi, cham'ma 4 koloko m'bandakucha ndinatuluka pageti lakuseri kuti ndipitidwe mphepo. Abale, kuseri kwa mpanda umenewo ndi mudzi. Nyumba za anthu, mbuzi, zovala pachingwe, osati kutali, kungoponya mwala wafika. Phokoso limene ife timalilipirira kuti tisangalale iwo amalimva ulele usiku uliwonse afune asafune. Posakhalitsa kunamveka kuitana kwa mapemphero kumzikiti, azibambo akutuluka ndi mikanjo yawo, nthawi yomweyo alendo atatu oledzera akudzandira kudutsa pakati pa nyumbazo, wina ali chifuwa pamtunda wina ndi kazovala kosambira basi, akukuwa ngati ali kudambo. Manyazi anandigwira ineyo.

Kutacha ndinakhala pabenchi pa mayi wina wogulitsa tiyi ndi mandasi, ndinawapatsa shikamoo, moni wopatsa akuluakulu, ndi Chiswahili changa cha ku Kariakoo chija tinacheza. Sanadandaule mokweza ayi, anangonena kuti kamdzukulu kawo sikagona masiku a phwando ndipo iwo madzi a m'nyanja akaphwa amayenera kupita kumunda wawo wa mwani, ndere za m'nyanja zija zimene amayi a ku Paje ndi Jambiani akhala akulima kuyambira cha m'ma 1989, kumangirira pazingwe ali chowerama m'madzi dzuwa lili pamutu, tulo asanagone tokwanira. Kenako anawonjezera kuti mwana wawo wamwamuna amagwira ntchito pa bala ya malo ngati omwewo ndipo ndi amene amagula mpunga pakhomo. Ndiye muone pamene munthu wapanikizika, akadandaula ndiye kuti akudula dzanja lomwe likumudyetsa.

Pali nkhani ya madzinso imene pa phwando palibe amaiganiza. Madzi abwino kumeneko ambiri amachokera pansi, ndipo malo a kugombe mukapopa kwambiri madzi amchere amalowerera m'zitsime. Ife mkati timasamba katatu patsiku kuchotsa mchenga, ena ali mu swimming pool, kuseri mtsikana wasenza chigubu.

China ndinachiona pageti. Mzungu amangodutsa osafunsidwa kanthu, koma mnyamata wa pamudzi pomwepo amaimitsidwa, mafunso mbwee, poti amamuyesa papasi, anyamata otsatira alendo kugombe aja. Nanenso kawiri konse mlonda anandifunsa ngati ndimagonadi pamenepo pomwe kiyi wa loka ali m'manja. Ndikudziwa kuti kuba kulipo ndipo alendo ayenera kutetezedwa, koma kuyeza munthu ndi khungu lake pa nthaka ya makolo ake ndi chinthu chimene mtima wanga sungachivomere.

Maganizo anga ndi akuti mlandu waukulu suli pa achinyamata oyendawo, ambiri ndi ana a zaka 20 zakubadwa amene palibe anawauza kuti afika pachilumba cha Asilamu pomwe kavalidwe ndi ulemu ndi nkhani yaikulu. Boma la Zanzibar linalengeza kale mu 2021 kuti alendo azivala zophimba mapewa ndi maondo akakhala pagulu, koma chikwangwani pachokha sichiphunzitsa munthu. Mwini hostel ndi amene amadziwa kuti kuseri kuli mudzi. Nanga kumuuza mlendo pomulandira kuti ukatuluka pageti ili funda chitenje kukuvuta pati? Kutsitsa masipika ikakwana 12 koloko kapena kupanga phwando lalikulu kamodzi pa sabata mmalo mwa tsiku ndi tsiku, kukhala pansi ndi akuluakulu a mudzi makamaka mwezi wa Ramadan ukayandikira, zimenezi sizingagwetse bizinesi ya munthu.

Ndili pa boti pobwerera ndimangoganiza za ku Cape Maclear. Mudzi wa Chembe ndi chimodzimodzi, ma lodge ali mzere kugombe pomwe amayi amatsukira mbale, asodzi abwera ndi usipa m'mawa akufuna kugona, ndipo kumapeto a sabata si azungu okha, ndi ifeyo ochokera ku Lilongwe ndi Blantyre amene timatsegula zitseko za galimoto nyimbo mpaka kucha. Inenso ndinachitapo zimenezo ndipo sindinafunsepo kuti kuseri kwa mpanda kukugona ndani.

Ku Zanzibar ndibwererako, ndikufuna ndikaonere chikondwerero cha nyimbo cha Sauti za Busara mu February. Koma ulendo umenewo ndikagona ku Jambiani pa kanyumba ka alendo ka banja la komweko, ndipo mayi a tiyi aja ndinawalonjeza chitenje cha kwathu.