Khirisimasi ya Bambo a Tadala ndi BP Yawo

(Pa 25 Disembala, ku Area 25 mu Lilongwe. Banja langobwera kutchalitchi. Fungo la mpunga wa Kilombero lafika mpaka kumsewu. Agogo, amayi awo a bambo, afika dzulo kuchokera ku Dedza ndipo akhala pamphasa. Patebulo, pakati pa mbale, mayi aikapo buku la kuchipatala.)

BAMBO: Mayi a Tadala, bukuli likufunanji patebulo? Nalonso ndi ndiwo?

MAYI: Ndi mlendo wathu. Tidya nalo.

BAMBO: Lero maofesi onse ndi otseka. BP nayo ili pa holide.

MAYI: Sabata yatha makina aja anawerenga 160 pa 100. Adokotala anati munthu akangofika 140 pa 90 ndiye kuti zayamba kale kuvuta.

BAMBO: Anthu inu mulibe chabwino. Kusukulu ndinkalephera kufika 50, amayi ankandikalipira. Lero ndapeza 160, mukundikalipiranso.

AGOGO: Wakhoza mwana wanga?

BAMBO: Ndakhoza, amayi. Pamzere wonse uja panalibe wondiposa.

MAYI: Sekani. Koma mchere lero ndi wopima. Anati tsiku lonse usapitirire magalamu 5, kasupuni kamodzi ka tiyi. Umenewo ndi wa m'ndiwo, wa m'buledi, wa paliponse.

(Bambo alowa m'khitchini, atuluka ndi chipande.)

MAYI: Ndati kasupuni ka tiyi!

BAMBO: Kumaliro tiyi amatunga ndi chiyani?

MAYI: Bwezani chipande changa.

BAMBO: Chabwino. Tikambe za magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja, poti pamenepo ndinamvetsera bwino. Gulu loyamba, mpunga. Lachiwiri, nkhuku. Lachitatu, mbuzi. Lachinayi, chipisi.

MAYI: Nkhuku ndi mbuzi ndi gulu limodzi. Mpunga ndi mbatatesi ndi limodzinso, zokhutitsa. Muli ndi awiri. Mafuta omwe chipisicho chikusambiramo ndi lachitatu, ndipo limenelo mwapitiriza muyeso. Nanga nyemba? Nanga zipatso? Masamba ali kuti?

BAMBO: Masamba ali mu mbuzi.

MAYI: Mwati?

BAMBO: Mbuziyi inabadwa ikudya masamba, yafa ikudya masamba. Inagwira kale ntchito imeneyo m'malo mwanga. Ndikadyanso ine ndiye kuti sindikuikhulupirira.

TADALA: Nanga zipatso, adadi?

BAMBO: Tenga botolo la Fanta uwerenge pamenepo. Palembedwa chipatso chanji?

MAYI: Mango ali mbwee pamsika, mulu wonse mtengo wake sufika pa botolo limodzi. Inu chipatso mukuchifuna cha chitsekerero. Mukudziwa kuti mu botolo limodzi la Coca-Cola, la 300ml lija, muli shuga wokwana masupuni a tiyi pafupifupi 8? Munthu wamkulu tsiku lonse sayenera kupitirira 12.

BAMBO: Ndiye kuti ndikuloledwa botolo limodzi ndi theka.

MAYI: Simunamve bwino.

BAMBO: Ndipo theka lotsalalo sindingataye. Kutaya chakudya dziko lili pa mavuto chonchi ndi tchimo. Mabotolo awiri. Masamu ndi amenewo.

MAYI: Nanga masupuni 5 munathira mu tiyi m'mawa?

BAMBO: Amene aja anali a dzulo. Dzulo sindinamalize gawo langa.

AGOGO: Apongozi, musiyeni mwanayu adye. Atapita kutauni anali ngati bango, mphepo ikawomba timamugwira. Pano akatsika galimoto kumudzi anthu amaimirira. Mimba imeneyi ndi imene imauza anthu kuti pakhomo pano pali mkazi wodziwa kuphika.

BAMBO: Mwamva? Mimbayi ndi satifiketi yanu.

MAYI: Satifiketi imeneyi ikufuna indisandutse namfedwa. Tadala, bweretsa mbale ija.

(Tadala abweretsa mbale yovindikira. Mayi avundukula. Muli bonongwe, pambali pake nkhwani wotendera. M'nyumba muti zii.)

AGOGO: Apongozi.

MAYI: Wawa, amayi.

AGOGO: Ine ndakwera minibasi kuchokera ku Dedza, atipanikiza anayi anayi, nkhuku ili pamiyendo, kudzadya bonongwe? Bonongwe amene amamera yekha kuseri kwa khola langa? Wanditsatira bwanji kuno?

MAYI: Si wanu, amayi. Ndi wa mwana wanu.

AGOGO: Oo! Ndiye mpatseni wambiri.

BAMBO: Amayi! Simumandiikira kumbuyo posachedwapa?

AGOGO: Nkhuku ndi imodzi, mwana wanga. Odya akachepa palibe cholakwika.

MAYI: Taonani amayiwa. Nsima yawo ndi ya mgaiwa, ndiwo ndi chisoso, therere, nyemba, usipa. Kumunda amayenda wapansi. Tinawayezetsa chaka chatha, namwino anachita kuyeza kawiri kuganiza kuti makina afa. Inu kupita pa golosale apa mumaliza galimoto.

BAMBO: Ndiye kuti mankhwala amene adokotala andilembera ndi umphawi.

MAYI: Anakulemberani mbale. Theka likhale masamba, mbali ina mpunga wofanana ndi chibakera chanu, nyama yofanana ndi chikhatho. Khungu la nkhuku muchotse.

BAMBO: (ayang'ana dzanja lake) Chibakera cha ndani? Itanani alamu anu aja amaumba njerwa, atibwereke chawo.

MAYI: Chanu.

BAMBO: Ndipo khungu ndi limene lili ndi nkhuku yeniyeni. Zam'katizo ndi zongoperekeza. Tamverani, tiyeni tigwirizane ngati akuluakulu. Zonsezi ndiyamba pa 1 Januwale.

MAYI: Chaka chatha munatero.

BAMBO: Ndipo ndinakwaniritsa! Januwale yense ndinadya chiyani? Sukulu fizi italowa, lendi italowa, feteleza wa amayi atalowa, ndinadya masamba mpaka kuyamba kulira ngati mbuzi. Palibe dokotala woposa Januwale. Nanga bwanji mukufuna kumulanda ntchito?

MAYI: Kudya bwino si kulipira ngongole ya Disembala.

BAMBO: Komanso mukuiwala chikhalidwe. Tikachoka pano tipita kwa achimwene ku Area 49, kenako kwa akulu a mpingo. Munthu akakuikira mbale, ungakane? Ndi mwano. Ine ndinaleredwa.

MAYI: Ndawaimbira kale onse. Kwa achimwene akusungirani mango ndi madzi. Kwa akulu a mpingo, nkhaka.

BAMBO: Mwandipereka m'manja mwa adani pa tsiku lobadwa Ambuye! Za kuperekana nthawi yake ndi Pasaka.

TADALA: Koma adadi sali ndi njala.

BAMBO: Tadala, ana salankhula akuluakulu akamakambirana.

MAYI: Msiyeni. Ukuti chiyani, mwanangu?

TADALA: M'mawa muja amati akukagula makala.

MAYI: Eya, ndipo makalawo sindinawaone.

TADALA: Tinaima pa chiwaya. Anadya chipisi cha mazira awiri, kenako kanyenya, kenako anati mang'ina asatsale okha mumphika angasungulumwe. Mchere amachita kuwaza ngati akuthira feteleza.

BAMBO: Ndimayesa ngati mafuta ake ndi abwino, kuti ndichenjeze anthu ena.

TADALA: Ndipo adokotala aja analinso pomwepo. Atawaona adadi anabisa mbale kumbuyo. Adadi nawonso anabisa yawo. Anapatsana moni ndi mitu yokha.

MAYI: (atsegula buku la kuchipatala) Pitiriza.

BAMBO: Iwe, sindinakupatse K500 kuti zimenezi zithere komweko?

TADALA: Munandipatsa. Koma amami anapereka K1,000.

(Bambo akhala pansi mwakachetechete, akoka mbale ya bonongwe. Atambasula dzanja kuti atenge nthutumba, apeza palibe.)

BAMBO: Nthutumba ya mwini nyumba yapita kuti?

AGOGO: (akutafuna) Ndikukuteteza, mwana wanga. Tadala, tanditsegulira chipatso chija.