Mapiritsi a BP asamangokhala pawindo

Dzulo ndinali ku Ndirande kukaona amalume. Pawindo panali mapiritsi awo a BP, enalapril, osatsegula n'komwe. Akuti mutu unasiya kuwawa, ndiye amwerenji? Usiku wonse nkhaniyi sinandichoke mumtima.

Akatswiri akafuna kudziwa ngati mankhwala otere amateteza mtima, amayamba ndi nyama. Khoswe kapena galu amampatsa kaye mankhwala, kenako n'kumanga mtsempha umodzi wopereka magazi ku mtima, monga zimachitikira munthu mtsempha ukatseka. Akatero amayeza kukula kwa mnofu womwe wafa. M'zaka za m'ma 1970, agalu omwe analandira propranolol, mankhwala ochititsa mtima kugunda modekha, mtsempha usanamangidwe anapezeka ndi mnofu wakufa wocheperapo. Mtima ukamagunda modekha sufuna mpweya wambiri, ndiye umapirira nthawi yaitali. Chimene chimandigwira ine n'chakuti mankhwalawo amakhala ali kale m'magazi tsoka lisanafike.

Komatu khoswe wa mu labu si amalume anga. Ndi wamng'ono, alibe shuga, sasuta fodya, ndipo zambiri zomwe zinathandiza nyama zinakanika pa anthu. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi omwe amagula mapiritsi pa famasi kuti azimwa "podziteteza" asanayezetse. Ayi ndithu, yambani mwaonana ndi adokotala.

Koma zina zinadutsa mayeso onse awiri, a pa nyama ndi a pa anthu. Mu 1985 Marc ndi Janice Pfeffer anaonetsa kuti makoswe ovulala mtima amakhala moyo wotalikirapo akamalandira mankhwala a BP otchedwa captopril. Mu 1992 kafukufuku wotchedwa SAVE, wa anthu 2,231 omwe mtsempha wa mtima unawatsekapo kale, anapeza kuti captopril anachepetsa imfa ndi 19 peresenti. Enalapril wa amalume ndi wa banja lomwelo.

Kuno kwathu kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Ambiri sadziwa, chifukwa BP siipweteka tsiku lililonse. Munthu akumva bwino, akukwera mtunda wa ku Ndirande, koma mitsempha ikutha pang'onopang'ono.

Ndinawauza kuti, "Amalume, mankhwalawa si a mutu, ndi a mtima wanu." Anangoti zii, kenako anaitanitsa madzi. Ndawaikira alamu ya 6 koloko m'mawa pa foni yawo, ndipo Lachinayi ndiwaperekeza akayezetse.