Kodi Prince William wagoletsa zigoli zingati?

Zandikwana ine. Usiku wathawu ndatuluka mu gulupu ya mpira ya pa WhatsApp imene ndakhalamo zaka 6, ndipo inu amene mukundiimbira kuti ndibwerere, tandisiyani kaye, mtima sunatsike.

Timakangana za mpira bwinobwino ngati masiku onse, za kochi, za osewera kumbuyo, za amene wagulidwa ndi amene akungodya ndalama pa benchi. Kenako mkulu wina, dzina sinditchula koma akudzidziwa, waponya chithunzi cha Prince William akukuwa m'bwalo, pansi pake n'kulemba kuti ife a Aston Villa timu yathu ndi yachifumu, enanu khalani chete. Basitu. Sipanathe mphindi 5, a Arsenal abwera ndi Paul Kagame, abwera ndi Aliko Dangote, awonjezera Keir Starmer. A Manchester United atulutsa Usain Bolt. A Liverpool akuti ife tili ndi LeBron James. Anthu akuluakulu, a ndevu zawo, ana ali kusukulu, kumapikisana ndi zithunzi za anthu olemera amene sakudziwa n'komwe kuti iwo aliko. Mpira waiwalika.

Ndiye ine ndinangofunsa funso limodzi. Achimwene, Prince William ameneyu wagoletsa zingati? Wapereka mpira wa chigoli kangati? Wagwira penate iti? Yankho lawo akuti ndine wansanje.

Nsanje ya chiyani? Sapota wotchuka sawonjezera pointi ngakhale imodzi pa tebulo. Ngakhale imodzi. Timu ikhoza kusapotedwa ndi mafumu onse a dziko lapansi, ikalowa m'bwalo imakwapulidwa ndithu ngati ilibe mwini.

Tiyambe ndi Villa yanu yachifumuyo. Mu May 2015 inafika ndime yomaliza ya FA Cup pa Wembley. William analipo, ndiponso nthawi imeneyo anali pulezidenti wa FA, bungwe loyendetsa mpira ku England. Chinachitika n'chiyani? Arsenal inawathira zigoli 4 kwa duu, ndipo mwana wa mfumu yemweyo, ndi manja ake omwe, ananyamula chikho n'kupereka kwa anthu amene angomaliza kumenya timu yake. Chaka chotsatira, 2016, Villa inathera pansi penipeni pa ligi ndi mapointi 17, itapambana masewero atatu okha sizoni yonse. Atatu! Inatuluka mu ligi ufumu wonse ukuonerera, n'kukakhala kumunsi zaka zitatu. Inu achimwene nthawi imeneyo munali kuti? Ndikukumbuka bwinobwino, munali a Chelsea. Kenako munadutsira ku Manchester City. Lero mwaona Villa yayamba kununkhira, mwaona chithunzi cha kalonga, mwati timu yathu. Mapanga awiri avumbwitsa, nanga inu atatu.

Ndipo musandimve molakwa, ine William sindikulimbana naye. Iyeyo ananena yekha kuti anasankha Villa ali pasukulu chifukwa anzake onse anathamangira Manchester United ndi Chelsea, iye sanafune kutsatira gulu. Timu itagwa sanathawe. Mu 2019 itabwerera mu ligi pomenya Derby 2-1 pa Wembley, anthu anamuona akudumpha ngati mwana, akukumbatirana ndi John Carew, wosewera wakale wa Villa. Ameneyo ndi sapota, koma chomuchititsa kukhala sapota ndi zaka zija anapirira, osati magazi achifumu. Chimene iye anakana, kuthamangira kumene kuli anthu, ndiye chimene inu mukuchita pogwiritsa ntchito nkhope yake. Manyazi mulibe?

Ndinawafunsa kuti amene anakweza Villa mu 2019 anali kochi uti. Zii. Anali Dean Smith, munthu amene anakula akuchemerera Villa, bambo ake anali mmodzi wa oyang'anira anthu pa Villa Park. Kaputeni anali Jack Grealish, mwana wa pomwepo. Ngati mumafuna chodzitamira nacho, ndi chimenechotu. Koma ayi, inu mukufuna Tom Hanks wa mafilimu uja, amene ananena poyera kuti chinamukopa ndi dzina la timuyo, limamveka bwino m'khutu. Dzina basi.

Wina mu gulupu muja anatchula David Cameron ngati sapota wa Villa. Ndinaseka mpaka misozi. Munthu ameneyu mu April 2015, ali nduna yaikulu ya Britain, ali pa kampeni, anaimirira pamaso pa anthu n'kuwauza kuti angakonde atamasapota West Ham. West Ham! Pambuyo pake akuti mutu unangosokonekera. Inde matimu onse awiri amavala mitundu yofanana, koma ndani mwa inu anaiwalapo dzina la timu yake? Munthu ukhoza kuiwala tsiku lobadwa la mkazi wako, n'kugona pa mpando usiku umenewo, koma timu yako suiwala ngakhale akudzutse pakati pa usiku. Ndipotu amalume ake, Sir William Dugdale, anakhalapo tcheyamani wa Villa yomweyo. Ameneyo ndiye mukumuwerengera pa mndandanda wanu.

A Arsenal musaseke, ndikubwera. Kagame wanuyo mu August 2021, Brentford itangokwera kumene n'kukukwapulani 2-0, anapsa mtima, analemba pa Twitter kuti zinthu zisinthe, anthu asazolowere kulephera. Mtsogoleri wa dziko la Rwanda, munthu woti akalankhula asilikali amaima njo. Ndiye zinasintha? Sabata yotsatira Chelsea 2-0. Kenako Manchester City 5-0. Masewero atatu, chigoli palibe, pointi palibe, pansi pa tebulo. Mpira sumva za mpando wa munthu. Dangote naye wakhala akunena zaka ndi zaka kuti adzagula Arsenal, adzagula Arsenal, mapeto ake ndalama zinapita ku fakitale yoyenga mafuta, timu ikadali m'manja mwa a Kroenke. Kuchokera 2004 munatha zaka 20 osaona chikho cha ligi muli ndi munthu wolemera kuposa onse mu Africa kumbali yanu. Anakuthandizani chiyani?

Mwina muziti ndikulankhula chonchi chifukwa timu yanga ilibe wotchuka. Ine ndine wa Everton, sindibisa, sekani. Ifenso tili naye Sylvester Stallone. Anabwera pa Goodison Park, bwalo lathu la nthawi imeneyo, mu January 2007, anamuveka sikafu ya buluu, anazungulira m'bwalo atakweza zibakera, anthu n'kumakuwa. Masewero ake tinafanana mphamvu ndi Reading, 1-1. Mlendo ndi mame. Sindinatumizepo chithunzi chake kwa munthu aliyense, ndipo sindidzatumiza, chifukwa pa 28 May 2023 sindinamuone.

Tsiku limenelo ndi limene ndimayesera nalo sapota. Sewero lomaliza la sizoni, tikusewera ndi Bournemouth, tikapanda kupambana tikutuluka mu ligi imene takhalamo kuyambira 1954. Popita kopuma Leicester, imene timalimbirana nayo malo otsalira mu ligi, ikutsogola kwawo, ife 0-0, ndiye kuti pa nthawi imeneyo tinali titatuluka kale. Ndinalephera kukhala pansi. Ndinaima kumbuyo kwa mpando, manja atagwira mutu, thukuta kuli kozizira. Mayi a kunyumba analowa, anandiyang'ana, n'kufunsa kuti bambo mwamva uthenga wa maliro kapena. Sindinayankhe, mawu sakanatuluka. Mphindi ya 57 Doucouré anamenya mpira uja kunja kwa bokosi, ukonde gwede, ine ndinakuwa mpaka mwana anadzuka n'kuyamba kulira. Kenako oyimbira anawonjezera mphindi 10. Khumi! Zimenezo sindinaonere, ndinatuluka panja, ndinkangoyenda uku ndi uku, foni ili m'manja, kuopa kuiyang'ana. Zonsezi osati chifukwa cha chikho ayi, chikho tinachiona komaliza mu 1995, zaka 30 zinakwana tili manja lende. Kunali kulimbirana kungokhalabe mu ligi. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ndiye munthu amene sanadwalepo m'mimba chifukwa cha timu yake azindiuza ine kuti ndikhale chete chifukwa ali ndi chithunzi cha kalonga?

Ndikudziwa wina abwera ndi Papa Francis, anabwera naye kale dzulo lomwe. Akuti timu yake ya San Lorenzo inatsala pang'ono kutuluka mu ligi mu 2012, Papa anasankhidwa mu March 2013, chaka chomwecho timu inatenga ligi ya Argentina, mu 2014 inatenga Copa Libertadores koyamba m'mbiri yake. Zoona zonsezo. Koma penate imene inamenya Nacional ya ku Paraguay anaponya ndi Néstor Ortigoza, osati Papa. Ndiponso Papa mwini ananena kuti anasiya kuonera kanema mu 1990, zotsatira ankachita kuuzidwa ndi mmodzi wa alonda ake. Chimene ndimamulemekezera ine ndi china. Bambo ake ankapita naye ku bwalo ali kamnyamata, ankakumbukira timu ya 1946 mpaka ukalamba, anali ndi khadi la umembala la timuyo. Anali wa San Lorenzo asanavale mkanjo woyera, dziko lisanamudziwe. Upapa unamupeza ali sapota kale.

Chimodzimodzi woyimba uja Elton John. Ameneyu ndimamuvulira chipewa. Ankapita pa Vicarage Road, bwalo la Watford, ndi bambo ake ali mwana, Watford ili kathimu kosawerengedwa. Atapeza ndalama sanathamangire timu ya zikho, anabwerera komweko, n'kukhala tcheyamani mu 1976, timu ili mu divishoni yachinayi. Anabweretsa Graham Taylor mu 1977, anakwera, anakwera, mpaka mu 1983 anathera pa nambala 2 mu ligi yaikulu. Mu 1984 pa Wembley dziko lonse linamuona akulira, ndipo amene tinawamenya 2-0 tsiku limenelo ndi ife a Everton, pepani, ndinayenera kutchula. Koma taonani, chinakweza Watford si kutchuka kwake. Ndi ndalama zimene anathira, ndi kochi amene anasankha, ndi nthawi imene anataya. Anagwira ntchito. Sanangovala sikafu n'kujambulitsa.

Mukafuna kuona kumene misala imeneyi imathera, funsani a Fulham. Michael Jackson anaonerapo sewero limodzi pa Craven Cottage mu 1999, limodzi lokha, atatengedwa ndi mnzake Mohamed Al-Fayed amene anali mwini timu. Mu 2011 Al-Fayed anaimika chiboliboli cha Jackson panja pa bwalo. Masapota atadandaula, anawauza kuti amene sakufuna apite akasapote Chelsea. Anthu amene agogo awo ankaimirira pa bwalo lomwelo, kuthamangitsidwa chifukwa cha mlendo wa tsiku limodzi. Mwini watsopano anachichotsa mu 2013, timu inatuluka mu ligi mu 2014, Al-Fayed n'kumati mwaona, mwachotsa mwayi. Mwayi wa chiyani? Chiboliboli chimatchinga zigoli? Inu a mu gulupu muja simukusiyana naye. Mukupembedza chiboliboli.

Mwina ndi mafoniwa, mwina ndi matimu eni akewo amene amafuna kugulitsa majezi ku America, kaya. Ine chimene ndikudziwa n'chakuti timu ndi ya amene amaivutikira. Ndi ya amene amagona ndi mutu ikagonja, m'mawa n'kudzuka kukakumana ndi chipongwe cha anzake ku ntchito, Loweruka lotsatira n'kukhalanso pomwepo ngati sanamve kuwawa. Wolemera akagonja amakwera ndege yake. Dzina la wotchuka silikuza timu, silikuza sapota, silikuza mtsutso wanu. Rafael Nadal amasapota Real Madrid pomwe achibale ake enieni, Miguel Ángel Nadal, anasewera Barcelona zaka zambiri. Zosangalatsa kumva, inde, timaseka, timadabwa, tapita. Sizisintha chigoli cha El Clásico, masewero a pakati pa matimu awiriwa, ngakhale chimodzi.

Ndipo poti tayamba, a makamera nanunso mwationjeza. Chigoli chalowa, munthu ukufuna uone mmene mpira wadutsira, amene wapereka, ngati panali ofusayidi, iwo kamera thii kumtunda kumene kwakhala mabwana, kutionetsa munthu wa suti akuwomba m'manja. Kawiri, katatu. Usiku umene Villa inamenya Bayern Munich 1-0 mu October 2024, Jhon Durán anamuona goloboyi Neuer atatuluka pagolo n'kumudutsitsa mpira pamwamba, chigoli choti uchionere kakhumi osatopa. M'mawa mwake nkhani ili ponseponse inali yoti William mawu anamuthera ndi kukuwa. Mawu anathera iye yekha? Anthu oposa 40,000 anali m'bwalo muja, ena analipira mpaka mapaundi 97 tikiti imodzi, mitengo imene masapota a Villa omwewo anadandaula nayo kwambiri isanayambe mipikisano ya ku Ulaya. Muli nkhalamba zimene zinaona Peter Withe akugoletsa Bayern yomweyo mu ndime yomaliza ya chikho cha ku Ulaya mu 1982 ku Rotterdam, William asanabadwe n'komwe, zinadikira zaka 42 kuti zidzaonenso usiku ngati umenewo. Kamera inapeza ndani mwa iwo?

Starmer naye mu 2024 anasamuka pa mpando wake wa tikiti ya sizoni n'kukwera kumtunda kwa mabwana, akuti chifukwa cha chitetezo. Chabwino, anali nduna yaikulu ya Britain, tamva. Koma musandiuze kuti iye ndi amene wagula tikiti ndi malipiro a sabata yonse akumva kuwawa kofanana.

Adimini, musandibwezeremo mu gulupu muja. Mukatero ndiponya tebulo la 2016 m'mawa uliwonse mpaka achimwene aja asamukire timu yachinayi.