Ndalama za mankhwala, misewu ndi asilikali: ife ndi anansi athu, akuzilondola bwino ndani?

Mwezi wathawu ndinaperekeza azakhali anga kuchipatala china chaching'ono cha boma. Tinalawirira m'mamawa, koma tinakhala pabenchi mpaka dzuwa kufika pamutu. Adokotala anawayeza bwinobwino n'kuwalembera m'kabuku kawo mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Titafika pawindo, mtsikana wogawa mankhwala anayang'ana kabukuko n'kunena mwaulemu kuti, "Pepani amayi, awawa atithera, mukagule kufamase." Tikutuluka pageti, azakhali anabweza kabuku kaja m'kajumbo kake n'kundifunsa kuti, "Mwanawe, kodi ndalama amatidula tikagula sopo ndi mafuta zija zimathera kuti?"

Funso limenelo silinandichoke m'mutu. Linandichititsa kuyang'ana kutsidya kwa malire, chifukwa wodwala wa ku Chipata, wa ku Tete kapena wa ku Mbeya nayenso amafunsa zomwezo. Maiko anayi onsewa, Malawi, Zambia, Mozambique ndi Tanzania, ali ndi ofesi yolondoloza chuma cha boma, ali ndi aphungu oyenera kufunsa mafunso, ali ndi mabungwe olimbana ndi katangale. Mu 2001 atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja kuti pa ndalama 100 zilizonse za bajeti, 15 zizipita ku zaumoyo, ndipo zaka zambiri lonjezolo silikwaniritsidwa. Pamapepala tonse ndife ofanana. Kusiyana kumaonekera pamene lipoti latuluka, wina wagwidwa, anthu akuyembekeza kuti tione chichitike n'chiyani.

Ndiyambe ndi Zambia, poti ndiwo timamvana nawo chilankhulo. Kumayambiriro kwa 2021 komiti ya aphungu yoona za kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma inaitana akuluakulu a unduna wa zaumoyo kuti afotokoze za kontirakiti ya madola 17 miliyoni imene inaperekedwa ku kampani ya Honeybee. Pamsonkhanopo zinadziwika kuti makondomu ndi magolovesi amene analephera mayeso anali atagawidwa kale m'zipatala. Anthu anamva okha akuluakuluwo akusowa mayankho, ndipo mwezi womwewo wa Januwale nduna ya zaumoyo, a Chitalu Chilufya, inachotsedwa. Chimene ndimawasirira a Zambia n'chimenechi: mafunso amafunsidwa poyera, ndipo nzika sizigona. Mu 2017 boma litagula galimoto zozimitsira moto 42 pa madola 42 miliyoni, mayi Laura Miti, womenyera ufulu wa anthu, ndi anzawo anakaima ndi zikwangwani panja pa nyumba ya malamulo. Anawamanga, koma khoti linawapeza osalakwa kumapeto kwa 2018. Masamu ake anali osavuta moti ngakhale wogulitsa tomato ankatha kuwerengera kuti galimoto imodzi ndi miliyoni yathunthu.

Nkhani ya msewu wa Lusaka mpaka Ndola nayo ndi yofunika kuiganizira. Boma la a Edgar Lungu linauyika pa madola 1.2 biliyoni. Boma la a Hakainde Hichilema litalowa linakambirananso, ndipo mu 2023 mgwirizano watsopano unatsikira pa madola pafupifupi 650 miliyoni, woti omanga adzabweza ndalama zawo kudzera m'zipata zolipiritsa. Mapulani awiriwa si ofanana ndendende, koma mpata wa theka la biliyoni umakuuza kuti mtengo wa msewu ukapanda woufunsa umakwera mmene wafunira mwini cholembera.

Komatu ku Zambia si kumwamba. Mu Meyi 2025 kazembe wa America kumeneko, a Michael Gonzales, analengeza kuti akudula madola 50 miliyoni pa chithandizo cha mankhwala chifukwa mankhwala aulere ankapezeka akugulitsidwa m'mafamase a anthu wamba. Mu 2009 maiko a Sweden ndi Netherlands anali ataimitsapo kale thandizo pa kuba kwa muunduna womwewo. Zaka 16 pakati, nthenda ndi yomweyo. Kuchotsa nduna kunaziziritsa mitima, koma bowo limene mankhwala amatulukira silinatsekedwe.

Ku Mozambique ndiko kuli nkhani imene Mmalawi aliyense ayenera kuidziwa, chifukwa imaonetsa zimene mawu akuti "chitetezo cha dziko" angabise. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma, ProIndicus, Ematum ndi MAM, anakongola madola pafupifupi 2 biliyoni ku mabanki a Credit Suisse ndi VTB. Ankati ndi zogulira maboti ogwirira nsomba ndi oteteza gombe la nyanja. Makampani atatuwa anali m'manja mwa nthambi ya ukazitape ya SISE. Nduna ya zachuma, a Manuel Chang, inasaina kuti makampaniwo akalephera kubweza boma lidzabweza, osapita kunyumba ya malamulo, komanso mopyola malire amene lamulo la bajeti linaika. Gawo lalikulu la ngongoleyo linadziwika mu 2016. IMF ndi maiko othandiza anaimitsa ndalama, ndalama yawo ya metikali inagwa, mitengo ya zinthu inakwera, ndipo amene anamva kuwawa ndi mayi wa ku Angónia amene nyanja ya mchere sanaionepo. Maboti a nsomba aja anangokhala padoko ku Maputo n'kumachita dzimbiri. Kampani ya Kroll itafufuza mu 2017, madola 500 miliyoni sanaoneke kumene anapita, ndipo ofufuzawo anakanizidwa zikalata zina ponena kuti ndi zachinsinsi.

Chimene chinatsatira ndicho chimandipatsa maganizo awiri. Mlandu unazengedwa mutenti pandende ina ku Maputo kuyambira mu Ogasiti 2021, ukuulutsidwa pa wailesi yakanema, dziko lonse likuonera. Mu Disembala 2022 anthu 11 anapezeka olakwa. Ndambi Guebuza, mwana wa pulezidenti wakale, analamulidwa zaka 12, chimodzimodzinso amene anali mkulu wa SISE, a Gregório Leão. A Chang anagwidwa ku South Africa mu Disembala 2018, anatumizidwa ku America mu 2023, khoti la ku New York n'kuwapeza olakwa mu 2024. Mabungwe a nzika nawo anakadandaula ku khoti loona za malamulo aakulu a dziko, ndipo mu 2019 linagamula kuti ngongole ya Ematum inali yosavomerezeka. Mwana wa pulezidenti kulowa m'ndende si chinthu chochepa kuno kwathu ku Africa. Koma madzi anali atatayika kale. Aphungu akanaona mapepala aja mu 2013, ngakhale m'chipinda chotseka, mavuto a zaka khumi akanapeweka.

Tanzania njira yake ndi ina. Kumeneko zinthu zimaoneka ndi maso. Mu 2024 sitima yamagetsi inayamba kuyenda pakati pa Dar es Salaam ndi Dodoma, ndipo Amalawi opita kukaoda katundu ku Kariakoo amabwerako akusimba za misewu ndi milatho. Ena amati, bola iwo amadya koma amamanga. Ine maganizo amenewa sindigwirizana nawo. Mu 2018 lipoti la wolondoloza chuma, Pulofesa Mussa Assad, linadzutsa mkangano wa mashilingi 1.5 thililiyoni amene sankaoneka bwino mmene anagwirira ntchito. Iye atanena kuti nyumba ya malamulo ndi yofooka, aphungu motsogozedwa ndi sipikala Job Ndugai anagwirizana zosiya kugwira naye ntchito, ndipo chaka cha 2019 chisanathe anali atachoka paudindo. Pamene wofunsa wachotsedwa, mtengo weniweni wa njanji kapena ndege audziwe ndani? Mu 2023 Pulezidenti Samia Suluhu Hassan anakwiya poyera atapeza kuti malipiro otsiriza a ndege yonyamula katundu akwera kuchoka pa madola 37 miliyoni kufika pa 86 miliyoni, ndipo anachotsa anthu paudindo. Anachita bwino, koma dziko limene chilungamo chimadikira kuti mtsogoleri akwiye kaye lili pamavuto tsiku limene mtsogoleriyo wasankha kukhala chete. Ngakhale nkhani yakale ya makina oonera ndege amene Tanzania inagula ku BAE Systems pa mapaundi 28 miliyoni, amene anaikoka mpaka pamapeto anali ofufuza a ku Britain. Kampaniyo inabweza mapaundi 29.5 miliyoni mu 2012, zambiri n'kugulira mabuku a m'sukulu za pulayimale.

Nanga ife? Kuulula timatha, ndipo atolankhani athu ndi makhoti athu ali ndi ufulu woposa wa anansi ena. Cashgate inaphulika mu Seputembala 2013 a Paul Mphwiyo, mkulu woona za bajeti kuunduna wa zachuma, atawomberedwa, ndipo kafukufuku wa Baker Tilly anapeza kuti K24 biliyoni inatuluka m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kudzera m'makompyuta olipirira a boma, zina n'kupita ku makampani amene sanagwire ntchito iliyonse. Ena anamangidwa, monga a Oswald Lutepo amene analamulidwa zaka 11. Mu 2021 lipoti la K6.2 biliyoni ya Covid linatuluka, tinawerenga za maalawansi a misonkhano pamene odwala ankasowa mpweya m'zipatala, ndipo nduna imodzi inachotsedwa. Koma funsani kuti pa ndalama zonsezi zabwerera zingati m'thumba la boma, mupeza kuti milandu yambiri imangoimitsidwaimitsidwa mpaka anthu kuiwala. Kuyambira 2018, kwa zaka zingapo, ofesi ya wolondoloza chuma cha boma inali ndi wongogwirizira. Munthu wongogwirizira amayenda mosamala, poti mpando si wake.

Pa za asilikali ndipo pamene tafanana kwambiri ndi Mozambique, ndipo pamandiopsa. Ndege ya pulezidenti itagulitsidwa mu 2013 pa madola 15 miliyoni, pambuyo pake zinamveka kuti ndalamazo sizinalowe mu akaunti yaikulu ya boma, zinakalipirira ngongole ya zida zankhondo. Makontirakiti a makampani a wamalonda Zuneth Sattar ndi apolisi komanso asilikali ndiwo anachititsa kuti bungwe la ACB limange wachiwiri kwa pulezidenti, malemu a Saulos Chilima, mu Novembala 2022. Mlanduwo unatenga nthawi yaitali pa mkangano woti zikalata za asilikali zionetsedwe kapena ayi, mpaka unathetsedwa mu Meyi 2024 umboni usanamvedwe. A Chilima sanapezeke olakwa, komanso sanapatsidwe mpata woyeretsa dzina lawo pamaso pa khoti, ndipo ife eni ndalama sitinauzidwe kuti katunduyo anagulidwa pamtengo wanji. Patangopita mwezi umodzi, pa 10 Juni, ndege ya asilikali inagwa ku Chikangawa n'kupha iwo ndi anthu ena asanu ndi atatu. Akatswiri a ku Germany atafufuza anapeza kuti kachipangizo kolozera pamene ndege yagwera kanali ndi batire limene linatha ntchito mu 2004. Ndikalemba zimenezi mtima umandiwawa. Msilikali wathu amene amakagwira ntchito yosungitsa mtendere ku Congo ndi woyamba kuvulala ndi chinsinsi chimenechi, chifukwa ndiye amakwera ndegeyo, ndiye amavala nsapatozo, ndiye amadya chakudya chimene chagulidwa pamtengo wokwezedwa.

Palibe akunena kuti boma lilengeze pawailesi kuchuluka kwa zipolopolo kapena kumene zida zasungidwa. Koma mtengo wa yunifolomu, chakudya cha asilikali ndi galimoto zonyamula katundu si chinsinsi cha nkhondo. Komiti ya aphungu yoona za chitetezo ikhoza kulumbira n'kumaona makontirakiti akuluakulu ndalama zisanatuluke, ndipo wolondoloza chuma azilowa m'mabuku a asilikali ngati mmene amalowera muunduna wa zamaphunziro.

Za misewu ndingonena mwachidule. Chipata cholipiritsa cha Chingeni chinatsegulidwa mu 2021, cha Kalinyeke n'kutsatira, ndipo pa lita iliyonse ya mafuta pali kamsonkho kokonzera misewu. Dalaivala akalipira amalandira lisiti. Chomwe chikufunika ndi lisiti yochokera mbali inayo: mwezi uliwonse pachipata pomwepo pakhale chikwangwani chonena kuti tatolera zakutizakuti, takonzera makilomita akutiakuti, kontirakitala ndi uje. Anthu akaona zimenezo salipira monyinyirika. Ku Mozambique, pa zionetsero za pambuyo pa chisankho cha 2024, zipata zolipiritsa zinali m'gulu la malo kumene anthu anasonyezera mkwiyo wawo.

Mukandifunsa kuti pa anayife ali patsogolo ndani, ndinena kuti Zambia, pang'ono chabe, chifukwa cha mafunso a poyera ndi nzika zosatopa. Chodabwitsa n'chakuti pa lamulo ife tinawatsogolera. Lamulo lathu lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga kuboma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, pamene la ku Zambia linasainidwa mu Disembala 2023. Koma ndi angati a ife amene talembapo kalata yofunsa? Mankhwala a azakhali ndinakagula kufamase tsiku lomwelo, a mwezi umodzi. Asanathe, ndikulemba kalata kuofesi ya zaumoyo ya boma lathu, yopempha kaundula wa mankhwala a kuthamanga kwa magazi amene anaitanitsidwa, amene anafika, ndi amene anatumizidwa kuchipatala chija m'miyezi isanu ndi umodzi yapitayi. Azakhali anena kuti nawo asainapo.