Ana anga a ku dooko, mvula isanagwe ndimvereni

Dzulo m'mamawa ndidatsikira ku dooko kukagula usipa wa ndiwo, ndipo zomwe ndidaona kumeneko ndi zimene zandichititsa kupempha mdzukulu wanga kuti andilembere mawuwa pa foni yake. Maso angawa timalemba ting'onoting'ono sakutionanso, koma zauve akuzionabe bwinobwino. Kuseri kwa bango, pafupi penipeni ndi pomwe amayi amatsukira mbale, mnyamata wa ndevu zake adali atanyonyomala. Atatha adalowa m'madzi kukadzitawasa, kenako n'kubwera kudzagwiragwira nsomba zomwe ine ndimati ndigule. Ndidamufunsa kuti, "Kodi iwe ndiwe mwana wa yani?" Iye kuseka, amvekere, "Agogo, nyanja ndi yaikulu, imadzitsuka yokha."

Imadzitsuka yokha! Ndiye kuti mwaiwala kale eti?

Ndikukumbutseni, poti mitu yanu ikuoneka kuti siisunga kanthu. Kolera idayamba m'mwezi wa Marichi 2022 kwa anansi athu ku Machinga, namondwe wa Ana ndi wa Gombe atangodutsa kumene. Tidati ikatha mvula ithanso, monga mwa masiku onse. Sidathe. Idadutsa chilimwe chonse ikuyenda m'mphepete mwa nyanja, mpaka mu Disembala Pulezidenti Chakwera adalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya mliri. Pomwe inkazilala mu 2023, anthu oposa 58,000 adali atadwala m'dziko muno, oposa 1,700 titawaika m'manda, ndipo Mangochi yathu ino idali m'gulu la maboma omwe adavutika koposa. Amene mudalowako m'matenti aja mukukumbukira mabedi oboola pakati, ndowa pansi pake, ndi fungo la kulorini lomwe linkakutsata mpaka kunyumba. Nanga lero mwayambanso bwanji?

Ine mliri umenewu udandilanda mphwanga, mwana wa mlongo wanga, mlovi wamphamvu woti chilimira ankakoka ngati akuseweretsa. Adabwera m'bandakucha kuchokera ku kauni akudandaula m'mimba. Pofika nthawi ya phala adali atapita kuseri kasanu, zotuluka zake zoyera ngati madzi otsukira mpunga. Anzake adati ndi zomwe adamwa dzulo lake, n'kukamugulira makapisozi awiri pa okala. Mayi ake adati pali munthu, chifukwa sabata imeneyo adakangana ndi wina pa nkhani ya ukonde, ndiye adatumiza mwana kwa sing'anga. Chomwe chimandiwawa mpaka lero n'chakuti madzi adamukaniza. Ankapempha, iwo n'kumati akamwa atsegula kwambiri. Dzuwa likupendeka maso adali atalowa m'kati, miyendo ikukokana, mawu osatulukanso. M'pamene adayamba kuthamangathamanga kufuna njinga yamoto. Msewu udali matope okhaokha. Adatsikira panjira, wa kabaza ali kutsogolo, mchimwene wake atamugwirira kumbuyo. M'mawa mwake munthuyo adali pa nyanja, usiku tikumulira.

Kolera simapha ndi matsenga ayi, imapha pomutha munthu madzi m'thupi, ndipo imatha kumumaliza m'maola ochepa chabe. Munthu akangoyamba kutsegula zamadzimadzi, m'patseni Thanzi pomwepo, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kulorini. Ngati Thanzi palibe, tengani lita yomweyo, thiranimo timasupuni ta tiyi 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mchere. Azimwa pang'onopang'ono ngakhale akusanza, ndipo azimwera panjira mukupita naye kuchipatala. Osadikira kuti kuche. Osadikira kuti malume abwere kaye kuchokera ku msika adzapereke chilolezo. Malumeyo ndine, ndipo ndikukuuzani kuti akandifunse kuchipatala komweko.

Tsono wina anena kuti agogowa akuyankhula ngati sadziwa kutalika kwa chipatala. Ndikudziwa kuposa iwe, mwanawe. Wa ku Makanjira kuti afike pa boma ayenera kudula makilomita pafupifupi 100, ndipo nthawi ya dzinja mitsinje ikadzaza ulendowo umasanduka wa tsiku lathunthu, mwinanso osafika. Matenda akakula pa boma amakutumiza ku Zomba. Zipatala za boma n'zaulere, inde, koma thiransipoti si yaulere, ndipo womudikirira wodwala amafunika kudya. Za mishoni zili pafupi kwa ena, koma kumeneko umapisa m'thumba. Ine ndemwe ndidakhalapo pa benchi ya chipatala china kuyambira m'mawa mpaka masana, n'kulandira kapepala koti ndikagule ndekha mankhwala ku famase chifukwa awo adatha. Ambulansi tidaiitanapo, yankho n'kukhala lakuti ilibe mafuta. Zimenezi ndimazinena poyera pa misonkhano ya kwa amfumu, ndipo wofuna mavoti akabwera sindimubisira. Koma taganizani bwino. Mlovi wa bwato laling'ono mwera ukamaomba sapita pakati pa nyanja, chifukwa amadziwa kuti likagudubuzika palibe womuvuula. Ife ndife a bwato laling'onolo. Wa mu tauni akadya zauve galimoto imamufikitsa kwa dokotala tiyi wake asanazizire. Iwe ukadya zauve, pakati pa iwe ndi diripi pali matope, mdima ndi ndalama ya njinga yomwe ulibe. Ndiye wofunika kusamala kwambiri ndani pamenepa?

Za zimbudzi ndikudziwa chomwe muyankhe: dothi lathu ndi mchenga, ukakumba chimagumuka. N'zoona. Nyanja itakwera mu 2024 zambiri zidamira ndithu. Koma bwanji nyumba zanu za malata sizigumuka? Bwanji shedi yoonetsera mpira mudaimanga ndi njerwa zootcha? Dzenje limamangiridwa m'kati ndi njerwa, ena amalowetsamo mgolo wakale, ena nsungwi zoluka, ndipo limakhala. Pa dooko pomwe pamagona maboti makumimakumi, pomwe ndalama zimasinthana manja usiku wonse, pakulephereka chimbudzi chimodzi chokhala ndi chivundikiro ndi mpondagiya pakhomo? Inu a komiti ya pa dooko, ndalama zomwe mumatolera kwa ogula nsomba zija zimagwira ntchito yanji? Ndafunsa chabe.

Ndibwere kwa inu amayi ndi abambo a masikito. Aboma amagawa masikito kuti ana agonemo, inu mwasoka atatu pamodzi n'kumakokera tinsomba m'mbali mwa Shire ndi ku Malombe. Ena mwatchingira dimba la tomato, ena mwafunditsa anapiye. Anapiye akugona motetezedwa, mwana wanu wobereka nokha akudyedwa ndi udzudzu! Ndiponso maso a neti imeneyo ndi aang'ono kwambiri moti imakokolola ndi ana a chambo omwe, kenako muzidabwa kuti chambo chapita kuti. Mukudziphera ziwiri nthawi imodzi. Dziwaninso kuti zambiri mwa zinthu zimenezi zimachokera kwa mayiko otithandiza, ndipo mu 2025 dziko la America lidadula thandizo lake lambiri la zaumoyo. Musaganize kuti mukang'amba iyi mawa kubwera ina. Mwana akatentha thupi pitani naye akamuyeze magazi pa chala tsiku lomwelo, kaya kwa alangizi a zaumoyo a m'mudzi kaya kuchipatala, ndipo akakupatsani mankhwala a malungo a LA amalize masiku onse 3, m'mawa ndi madzulo. Khalidwe lomusiyitsa pa tsiku lachiwiri poti wayamba kusewera, otsalawo n'kusungira mng'ono wake, lekani. Katemera wa malungo adayamba kuperekedwa kuno mu 2019, Malawi pamodzi ndi Ghana ndi Kenya tisanatsatidwe ndi ena, koma ngakhale iyeyo amateteza mbali chabe, salowa m'malo mwa neti.

Likodzo ndiye talizolowera mpaka talisandutsa mwambo. Ndili mnyamata tinkauzana kuti ukakodza magazi ndiye kuti wakula. Bodza limeneli ndidalikhulupirira inenso, ndipo ndikumva kuti lilipobe. Si kukula kumeneko, ndi nyongolotsi. Wodwala akakodzera m'madzi mazira amaswa, tizilombo timalowa mu nkhono zija zimakhala m'mabango ndi m'ndere, tikakhwima timatuluka n'kuboola khungu la aliyense wosamba kapena wochapa pamenepo. Zaka zikamapita chikhodzodzo chimaonongeka, ndipo kwa akazi limafika mpaka ku njira ya chiberekero, ena n'kuvutika kutenga pathupi, banja n'kutha, apongozi akuloza chala anthu osalakwa. Mankhwala ake amabwera m'sukulu mwaulere, amamuyeza mwana msinkhu pa ndodo n'kumupatsa mapiritsi. Tsiku limenelo inu mumabisa ana kunyumba, ati mankhwalawo ndi oletsa kubereka. Amachititsa chizungulire mwana akamwa ndi njala, n'chifukwa chake amati adye kaye. M'phikireni phala, apite.

Pamaliro ndi pa sadaka ndiyankhule mofatsa, chifukwa ndi malo aulemu. Beseni limodzi losambamo m'manja anthu makumi awiri, woyamba ndi mkulu, womaliza ndi mwana amene akusamba m'litsiro la tonsefe, limenelo lithe. Thiriranani madzi ndi jagi, sopo ali pomwepo. Ndipo munthu akatisiya ndi matenda otsegula m'mimba, azaumoyo akati thupi alikonze iwo, musalimbane nawo. Ndikudziwa kuwawa kwake, kuti m'bale wako apite osamusambitsa monga chipembedzo chathu chinenera. Ndidakumva kuwawa kumeneko pa mphwanga uja. Koma mashehe ndi abusa ambiri adagwirizana nazo nthawi ya mliri ija, chifukwa adaona okha maliro amodzi akubala ena.

Mitambo yayamba kale kusonkhana kumapiri a ku Namwera. Mvula yoyamba ikagwa, zonse mwasiya m'mabango ndi m'tchire zija zitsikira m'zitsime zosavundikira ndi m'nyanja momwe ana anu amamwa akamasambira. Amfumu ndakawaona dzulo lomwelo, ndipo Loweruka m'mawa tikumana pa dooko, aliyense ndi khasu kapena fosholo, eni maboti abwere ndi njerwa. Iwe mnyamata wa ndevu, dzina lako sindikulitchula pano chifukwa agogo ako tidavinidwa limodzi, koma Loweruka ndikufuna ndikuone uli m'dzenje ukukumba.

Usipa uja sindidagule. Tidadyera mfutso.